Njinga yamoto ya adventure yapakatikati m'misewu ya Zomba: Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anthu a kuno ku Zomba ndi madera ozungulira, amene akulingalira zogula njinga yamoto yokulirapo kuposa zomwe tinazolowera. Ena ndi alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amene Yamaha DT kapena AG yawatopetsa pa maulendo ataliatali. Ena ndi achinyamata amene anaona alendo atamangirira zikwama akukwera ku Ku Chawe, mtima n'kudumpha. Manambala amene ndalemba ndi a opanga njingazo. Koma amene anawalemba sanawayesere m'makande a ku Kachulu, choncho pa funso lililonse ndayesetsa kufotokoza zomwe nambalayo ikutanthauza pa msewu wathu.

Kodi njinga ya adventure yapakatikati ndi yotani?

Ndi njinga yopangidwira ulendo wautali pa phula, koma yoti phulalo likatha imapitirira pa fumbi bwinobwino. Muizindikira msanga: ndi yaitali, wilo lakutsogolo ndi lalikulu, mashoko ndi aatali, mahendulo ndi otambalala, kutsogolo kuli kagalasi kotchinga mphepo, ndipo wokwera amakhala mowongoka, osati chowerama ngati pa njinga za mpikisano. Tikati yapakatikati tikunena za injini yoyambira cha m'ma 450cc kukafika cha m'ma 900cc. Pansi pake pali za 125 ndi 150 zomwe a kabaza amayendera. Pamwamba pake pali zimphona monga Honda Africa Twin ya 1,084cc ndi BMW R 1250 GS, zomwe kwa ine n'zopitirira muyeso pa misewu yathu yambiri.

Tipatseni manambala enieni a njinga zodziwika m'gulu limeneli.

Zitatu za ku Japan ndi zomwe anthu amakonda kufanizira.

Yamaha Ténéré 700 inatuluka mu 2019. Injini yake ndi ya 689cc, masilinda awiri, yotulutsa pafupifupi 72 hp (muyeso wa mphamvu ya injini) ndi mphamvu yokoka ya 68 Nm. Thanki imalowa malita 16, ndipo ikadzaza njinga yonse imalemera makilogalamu 204. Mpando uli pa mamilimita 875 kuchokera pansi.

Honda XL750 Transalp inabwera mu 2023 ndi injini ya 755cc, pafupifupi 91 hp ndi 75 Nm. Thanki ndi ya malita 16.9, kulemera makilogalamu 208, mpando mamilimita 850. Chaka chomwecho Suzuki inatulutsa V-Strom 800DE ya 776cc, pafupifupi 84 hp ndi 78 Nm. Iyi thanki yake ndi yaikulu, malita 20, koma ndiyonso yolemera pa zitatuzi, makilogalamu 230, mpando mamilimita 855.

Zonsezi zili ndi magiya 6, zimayendera tcheni, injini imaziziritsidwa ndi madzi, ndipo wilo lakutsogolo ndi la mainchesi 21. Kuchokera ku Ulaya kuli KTM 890 Adventure ya 889cc yofika 105 hp, komanso BMW F 850 GS ndi F 900 GS. Opanga amasinthako zina ndi zina chaka ndi chaka, ndiye pogula onani chaka chenicheni cha njinga yomwe ili pamaso panu.

Ndiye ndigule ya hp zambiri, si choncho?

Ayi, achimwene, ndipo funso ili ndi lomwe limasocheretsa anthu ambiri. Mphamvu yonse ya 91 kapena 105 hp imatuluka injini ikamazungulira pamwamba kwambiri. Ganizirani za M3 kuchoka pa Zomba kupita ku Blantyre: pa Thondwe msika, pa Namadzi anthu, njinga zakapalasa zitasenza makala, mbuzi, ana a sukulu, minibasi yoima paliponse. Mphamvu imeneyo mukaitulutsira pati? Ngakhale Ténéré ya 72 hp imatha kuthamanga kupitirira kwambiri liwiro lomwe lamulo limalola.

Chomwe mudzagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi mphamvu yokoka injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Mukamakwera chitunda cha miyala pa njira ya ku Chingale muli ndi munthu kumbuyo, mumafuna injini yoti mu giya yachiwiri ikoke mofatsa, osazima, osadumpha, osakukakamizani kuseweretsa kilatchi. Apa ndi pomwe injini za masilinda awiri zamakonozi zimasangalatsa. Yamaha, Honda ndi Suzuki onse anapanga kuti masilinda awo asawombe motalikirana mofanana, koma motsatana pafupi kenako n'kupumira pang'ono, zomwe amazitcha 270-degree crank. N'chifukwa chake kulira kwake kumamveka kogunda, ndipo okwera ambiri amamva bwino momwe tayala lakumbuyo likugwirira dothi. Poyesa njinga musafunse kuti imafika pati. Iyendetseni pang'onopang'ono pokwera, mumve ngati ikumvera dzanja lanu.

Nanga kulemera kuli ndi ntchito yanji, popeza injini ndiyo imanyamula?

Injini imanyamula njinga ikamayenda. Ikaima, ikatsetsereka kapena ikagwa, wonyamula ndinu. Makilogalamu 204 ndi matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 ndi kanthu pamwamba, pomwe njinga ya kabaza imalemera cha m'ma 120. Onjezani zikwama, zitsulo zotetezera injini ndi zida, mwafika pa 230 kapena 250 osadziwa.

Kulemera kumeneku simukumva pa phula. Mudzakumva pofuna kutembenuka pa kanjira kopapatiza m'nkhalango ya paini pa phiri, pomwe phazi limodzi lapeza dothi koma linalo lili m'malere. Mudzakumva m'dambo mvula itagwa, makande atamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka wilo kukana kuzungulira, inu mukukankha thukuta lili kamukamu. Njinga ikayamba kupendekeka kupitirira pena pake, musalimbane nayo. Isiyeni igone, chotsani mwendo.

Poidzutsa pali njira yake. Zimitsani injini, onetsetsani kuti ili mu giya kuti isathawe, ifulatireni, njutani msana utatsamira mpando, dzanja limodzi pa hendulo yomwe ili pansi, linalo pa chogwirira cha kumbuyo, kenako kankhani ndi miyendo mukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ngati yagwera kumanja, tsitsiranitu sitandi kuti isagwere mbali inayo. Yeserani zimenezi pa kapinga kunyumba musanapite kutali.

Komanso si kuchuluka kwa makilogalamu kokha, koma pomwe akhala. KTM inatsitsa thanki yake m'mbali mwa injini kuti mafuta akhale pansi, ndipo njingayo imamveka yopepuka kuposa nambala yake. Ténéré kulemera kwake kuli m'mwamba, thanki ikadzaza mumachita kudziwa. Mukandifunsa nambala yoyamba kuyang'ana pa pepala, ndi iyi ya kulemera, kenako ya mpando.

Ndine wamfupi. Kodi ndingakwanitse?

Mwina, koma musagule musanakhalepo. Mamilimita 875 a Ténéré ndi ataliatali kwa ambiri a ife. Transalp ndi V-Strom zili pansi pang'ono, Honda NX500 ili pa 830, ndipo Royal Enfield Himalayan 450 mpando wake umasinthika pakati pa 825 ndi 845. Kupapatiza kwa mpando nakonso kumathandiza: mpando wautali koma wowonda kutsogolo umalola miyendo kutsika molunjika.

Simukusowa kuponda ndi mapazi onse awiri. Phunzirani kusendeza thako mbali imodzi, phazi lamanzere n'kuponda lonse, lamanja lili pa buleki. Alipo amayi amene amayendetsa njinga zimenezi mwaluso chifukwa cha njira yomweyi. Mipando yotsika imagulitsidwa, ndipo njinga imathanso kutsitsidwa pa mashoko, koma dziwani kuti mukatero mimba ya njinga yayandikira miyala.

Wilo la mainchesi 21 ndi la 19 zimasiyana bwanji?

Wilo lalikulu limadumpha dzenje m'malo mogweramo, limakwera mwala mosavuta, ndipo pa mchenga ndi timabampu ta msewu wafumbi limayenda molunjika. La 19, ngati la pa NX500 ndi V-Strom 650, limakhota mofulumira pa phula ndipo limatsitsako njinga. Ngati maulendo anu ambiri ndi a Blantyre, Liwonde ndi Mangochi, fumbi n'kumaliponda mwa apo ndi apo, la 19 likukwanirani. Ngati mumalowa kumidzi sabata iliyonse, dzinja ndi chilimwe, tengani la 21. Masipoko nawonso ndi abwino kumeneko, chifukwa rimu ya masipoko ikamenya mwala imapindika n'kuwongoleka, pomwe yachitsulo choumba imatha kusweka.

Za machubu kapena zopanda machubu?

Ténéré 700, Transalp ndi V-Strom 800DE, monga zinatulukira koyamba, zonse ndi za machubu. KTM 890 Adventure ili ndi masipoko koma yopanda machubu. Tayala lopanda chubu likalasidwa ndi msomali limaphwa pang'onopang'ono, ndipo mumalitseka osachotsa wilo, n'kupopa n'kumapita. La chubu limatha kuphwa mwadzidzidzi, ndipo pamafunika kuchotsa wilo, ntchito yosautsa pa njinga yolemera yopanda sitandi yapakati.

Koma kuno kwathu chubu chili ndi ubwino wake. Pa Jali, pa Songani, pa Mayaka, paliponse pamene pali msika mupeza munthu wodziwa kumata chigamba. Ndipo rimu ikapindika, la chubu limasungabe mpweya. Chomwe simupeza kumudzi ndi chubu cha saizi yanu komanso masipanala olowa pa mawilo anu. Zimenezo nyamulani nokha, pamodzi ndi zitsulo zochotsera tayala ndi pampu.

Matayala ake ndi otani, ndipo amatha msanga?

Kutsogolo zitatu zija zimavala 90/90-21. Kumbuyo Ténéré ndi Transalp zimavala 150/70-18, V-Strom 150/70-17. Masaizi amenewa si a pa shopu iliyonse, kotero itanitsani lina lakale lisanathe.

Matayala amene njinga zambiri zimabwera nawo ndi okomera phula. M'chilimwe alibe vuto. Koma kuyambira Disembala mpaka Malichi, katondo wonyowa amadzaza timipata tonse ta tayala lotere, n'kusanduka losalala. Pamenepo pamafunika la zibuluzibulu zotalikirana lomwe limataya matope likamazungulira. Mtengo wake ndi wakuti limalira pa phula ndipo lakumbuyo limatha msanga. Palibe tayala lomwe limachita zonse bwino, ndiye sankhani molingana ndi msewu woipitsitsa womwe simungaupewe.

Mashoko aatali ndi mpata wa pansi pa injini n'zofunikadi?

Kwambiri. Njinga wamba ya m'tauni mashoko ake amayenda mamilimita cha m'ma 120 kapena 130. Ténéré akutsogolo amayenda 210, akumbuyo 200. Transalp 200 ndi 190. V-Strom 800DE 220 konsekonse. Kutalika kumeneku ndi komwe kumameza dzenje lomwe mwaliona mochedwa, msana wanu ndi rimu n'kupulumuka. Mpata wa pakati pa dothi ndi mimba ya injini ndi mamilimita 240 pa Ténéré, 220 pa V-Strom ndi 210 pa Transalp.

Aliyense amene anayenda kumidzi ya Zomba ndi Phalombe namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 akudziwa momwe madzi amasiyira msewu: ngalande zakuya pakati, miyala yoonekera, milatho yoduka yofunika kulambalala podutsa m'khwawa. M'malo otere mamilimita 20 kapena 30 amasiyanitsa wodutsa ndi wokodwa. Koma ngakhale mpata ukhale waukulu, ikani chitsulo cholimba chotchinga mimba ya injini musanapite kufumbi. Pa njinga zina ekizozi ndi chosungira oyilo zili poyera penipeni, ndipo mwala umodzi ukhoza kukhetsa oyilo yense. Ikaninso zotchinga manja pa mahendulo, chifukwa njinga ikagwa choyamba kuthyoka ndi chogwirira kilatchi kapena buleki.

Chinthu china chomwe ambiri amaiwala: shoko yakumbuyo imasinthidwa kulimba molingana ndi katundu. Mukakweza munthu ndi zikwama osailimbitsa, kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumapepuka, nyali n'kumawalira m'mitengo.

Imamwa bwanji mafuta? Thanki imodzi ingandifikitse kuti?

Opanga amanena za malita opitirira pang'ono 4 pa makilomita 100, kutanthauza makilomita 22 kapena 23 pa lita. Mwa masamu amenewo Ténéré imayenda pafupifupi makilomita 350, V-Strom 800DE cha m'ma 450. Kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe kudzera pa Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza ndi pafupifupi makilomita 300, ndiye zonse zikhoza kufika. Koma mukathamanga, mukasenza, kapena mukalimbana ndi mchenga, chotsaniponi ndithu. Poyerekeza ndi ya 125, imamwa pafupifupi kawiri.

M'dziko lomwe mafuta amasowa nthawi zina, malita 4 owonjezera a V-Strom si nkhani yaing'ono. Ndi chifukwa chimodzi chomwe ndimakhululukira kulemera kwake.

Petulo wathu angaiwononge?

Petulo wa pa filling station ndiye wodalirikako. Kuno timasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, wopangidwa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa, ndipo mabuku a njinga zamakonozi amalola petulo wosakanizidwa ndi ethanol wofika 10 pa 100 aliwonse, ngakhale wa kuno nthawi zina amapitirira pamenepo. Vuto la ethanol ndi lakuti amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda. Musaisiye miyezi ndi thanki yatheka.

Woopsa ndi petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu. Njinga ya kabuleta imapirira zinyalala, ndipo ikatsekeka makaniko amaitsegula n'kuipemerera. Koma za adventure izi ndi za fuel injection: muli pampu ya magetsi m'kati mwa thanki ndi timabowo tating'onoting'ono topopera mafuta. Madzi, dothi kapena palafini zikalowamo, pampu imafa, ndipo yatsopano muidikira kuchokera kunja. Mukakakamizika kugula wa m'chigubu, sefani ndi nsalu yoyera ndipo thirani wongokufikitsani. Pewaninso kuyendera madontho otsiriza, chifukwa pampuyo imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo.

Pa phiri la Zomba imachita bwanji? Sitentha pokwera?

Kuchoka m'tauni, pa mamita cha m'ma 900, kukafika pamwamba pomwe pamapitirira mamita 2,000, mpweya umachepa ndipo injini iliyonse imafookerako. Ubwino wa fuel injection ndi wakuti imadziyeza yokha, sitsamwa ngati mmene zimachitira zina za kabuleta. Injini ya 700cc ili ndi mphamvu yotsala yambiri moti simuzindikira n'komwe. Kutentha si nkhani bola radiyeta ikhale yoyera ndipo fani izigwira ntchito. Mukachoka m'matope tsukani radiyeta ndi madzi osathamanga, ndipo muzithiramo coolant, osati madzi a pa mpopi.

Chondidetsa nkhawa ine si kukwera koma kutsika. Msewu wochokera ku Ku Chawe ndi wokhotakhota, wotsetsereka mtunda wautali, ndipo mumakumana ndi anthu akutsitsa nkhuni pa njinga zakapalasa, malole a matabwa, ndi ana ogulitsa zipatso akuthamangira m'mbali. Mukagwira buleki njira yonse, mapadi ndi mafuta a buleki amatentha mpaka chogwirira kufewa. Tsikani mu giya yachiwiri kapena yachitatu, injini igwire njinga, buleki muziigwira mwa apo ndi apo.

Pamwamba pa phiri, njira za ku Chingwe's Hole, Emperor's View ndi Queen's View ndi zadothi. Samalani ndi masamba a paini ogwa pansi. Akauma amaoneka ngati malo abwino opondapo, koma chiperoni chikawanyowetsa mu Juni ndi Julayi amaterera koopsa, ndipo pansi pake pamabisala mizu yopingasa. Nkhungu ikatsika simuona patali, ndiye yatsani nyali, chepetsani liwiro.

ABS ndi traction control n'zothandiza kapena n'zongokwezera mtengo?

ABS ndi yothandiza, ndipo pa phula musaizimitse. Mwana akadumphira mu msewu inu n'kufinya buleki mwamantha, imaletsa wilo kuuma, njinga n'kuima osagwa. Pa dothi lotakasuka nkhani imasintha. Potsika pa miyala yoyendayenda ABS imatha kumangomasula buleki njinga ikupitabe, n'chifukwa chake opanga anaika njira yoizimitsira. Pa Transalp ndi V-Strom 800DE mumazimitsa yakumbuyo, pa Ténéré mumatha kuzimitsa yonse. Kumbukirani kuti pa njinga zambiri mukazimitsa injini n'kuyatsanso, ABS imabwerera.

Traction control imachepetsa moto tayala lakumbuyo likayamba kuzungulira pachabe. Pa phula lonyowa ndi mnzanu. Pa mchenga ndi pokwera m'matope imakudulani moto pomwe mukuufunitsitsa, ndiye ichepetseni kapena izimitseni. Honda ndi Suzuki anaikamo dongosolo lapadera la pa msewu wa miyala. Ténéré zoyambirira zinalibe traction control kapena dongosolo lotere, moto umapita ndi waya kuchoka pa dzanja, ndipo Yamaha inawonjezera zamagetsi mu 2025. Kwa munthu wokhala kutali ndi makina oyezera njinga, kuchepa kwa zamagetsi ndimakuona ngati phindu.

Batire likafa, pali kiki?

Palibe. Ndipo popanda magetsi pampu ya mafuta siyenda, kotero batire likaferatu ngakhale kukankha sikuthandiza kwenikweni. Sinthani batire likayamba kufooka, mangitsani mawaya ake chifukwa timabampu timawamasula, ndipo musatchajire foni injini itazima.

Ndingaigwiritse ntchito ya kabaza kapena kunyamulira mbewu?

Ya kabaza ayi. Mafuta, matayala ndi sipeyala zidya phindu lonse. Kukweza munthu mmodzi ndi zikwama ndiye ntchito yake, ndipo mayi a kunyumba adzafika ku Mangochi osathyoka msana ngati pa ya 125. Buku la njinga limanena malire a katundu, musapitirire. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi pakati, m'zikwama za m'mbali, osati mulu kuseri kwa wilo lakumbuyo. Kufumbi ndimakonda zikwama zansalu kuposa mabokosi achitsulo, chifukwa bokosi limatha kupana mwendo mukaponda pansi njinga ikuyenda.

Amakaniko athu angaikonze? Sipeyala zimapezeka?

Tili ndi amakaniko aluso kuno, ku Chinamwali, ku Matawale ndi m'tauni momwe, ndipo zambiri pa njingazi si zachilendo kwa iwo: oyilo, tcheni, masipuloketi, mapadi, mabering'i, masipoko. Chovuta ndi zamagetsi zofuna makina oyezera, ndiponso sipeyala, zomwe zambiri zimaitanitsidwa ku South Africa. Konzekerani kudikira. Khalani ndi fyuluta ya oyilo, ya mpweya, mapadi ndi chogwirira kilatchi m'nyumba nthawi zonse.

Buku la Yamaha limati oyilo asinthidwe pa makilomita 10,000 ndipo ma valve ayezedwe pa 40,000. La Honda limati 12,000 ndi 24,000. Manambala amenewo ndi a misewu yoyera. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala silidikira buku, ndiye fupikitsani, makamaka pa fyuluta ya mpweya. Itsegulani mutayenda tsiku lonse kumbuyo kwa malole pa msewu wa ku Kachulu, mudzapeza mbali yakunja yafiira, zala zikudetsedwa pongoigwira. Ikang'ambika kapena ikakhala mopendekeka, fumbi lomwelo limalowa m'silinda n'kumadya injini mwakachetechete. Musanagule funsani komwe fyulutayo ili. Pa Ténéré ili pansi pa mpando. Pa njinga zina pamafunika kuchotsa mapulasitiki ndi thanki, ndipo ntchito yovuta munthu amangoti ndichita mawa.

Oyilo akhale wa njinga yamoto, wolembedwa JASO MA kapena MA2, chifukwa kilatchi imasamba m'oyilo yemweyo ndipo wa galimoto amaichititsa kuterera. Tcheni cha njingazi chili ndi timphira totsekera girizi m'kati, ndiye musachitsuke ndi petulo kapena bulashi yawaya. Ndipo chenjezani makaniko asachimange kwambiri ngati cha kabaza. Mashoko aatali amafuna tcheni chomasukirapo, apo ayi chimakoka n'kuwononga mabering'i.

Bwanji za silinda imodzi, monga Himalayan kapena KLR?

Musazinyoze. Himalayan 450 ili ndi 452cc, 40 hp, thanki ya malita 17, mpata wa pansi mamilimita 230, ndipo imalemera makilogalamu 196. Kawasaki KLR650 inayamba kupangidwa mu 1987, ili ndi magiya 5 okha ndi thanki ya malita 23, ndipo inalandira fuel injection mu 2022. Zimanjenjemera pa liwiro ndipo sizipitirira malole mwachangu ngati za masilinda awiri, koma n'zotsika mtengo, zosavuta kumvetsa, ndipo kwa munthu wochoka pa ya 125 kapena 200 sizimudzidzimutsa. Kwa amene ntchito yake ili pakati pa Domasi, Malosa, Jali ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndi zomwe ndimayamba kumuuza.

Pamafunika mapepala anji?

Laisensi ya gulu A, chifukwa ya A1 imalekezera pa 125cc. Njinga ilembetsedwe ku Road Traffic, ikhale ndi nambala ndi inshulansi. Ngati mukuitanitsa kunja, funsiranitu ku MRA za msonkho musanatumize ndalama, ndipo yochokera ku South Africa ibwere ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba. Helemeti ndi lamulo kwa inu ndi amene mwamukweza. Onjezani magolovesi, jekete yolimba ndi jombo zofika m'miyendo, chifukwa njinga yolemera chonchi ikagwera pa kakolo wovala nsapato wamba, fupa limathyoka.

Ndapeza yakale yomwe akugulitsa. Ndiyang'ane chiyani?

Pitani m'mawa, ndipo muuzeni mwini wake asailize inu musanafike. Gwirani injini mutsimikize kuti ndi yozizira, kenako muone ngati ikulira msanga popanda utsi kapena kugogoda. Mukatembenuza kiyi, nyali zochenjeza ziyake kenako zizime, ya ABS imazima mukayamba kuyenda. Fanizirani nambala ya pa fulemu ndi ya pa injini ndi zomwe zili pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Gwadani muyang'ane pansi pa injini ngati pali potiwizika kapena powotcherera. Menyani masipoko ndi sipanala limodzilimodzi: olimba amalira mofanana, omasuka amamveka mogontha. Zungulitsani mawilo muone ngati rimu ikuvina. Pa mashoko akutsogolo pasakhale oyilo wodontha. Mano a sipuloketi akhale osongoka mofanana, osati opindikira mbali imodzi. Tsegulani bokosi la fyuluta, lowetsani chala kuseri kwake, mbali yopita ku injini. Mukatulutsa fumbi, injiniyo yakhala ikulipuma, ndipo mtengo utsike kwambiri kapena musiyane nayo.

Pomaliza pemphani kuikwera, osati pa msewu wosalala wokha. Kwerani nayo kulowera ku damu la Mulunguzi, imani pa chitunda, nyamukaninso, mumve ngati kilatchi ikugwira. Tembenukani pa malo opapatiza. Tsikani muikankhe chobwerera m'mbuyo pokwera pang'ono. Ngati zimenezi zikukukanikani pamaso pa mwini wake masana, funsani ngati ali ndi ina yocheperapo.